Chatsitsa Dzaye

Pabwalo la milandu, munthu akaimirira n'kuyamba kufotokoza za mabala ake okha, za mbuzi yake yofa kapena nkhokwe yake yopsa, akuluakulu amamusiya alankhule mpaka mtima utsike. Kenaka mmodzi amamubweza kuchiyambi: umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mnyanga wothyokawo aliyense akuuona, ngakhale mwana wongodutsa. Dzaye nalonso lili pansi apo. Chimene bwalo likufuna ndi chija chachitika pamene panalibe maso. Kodi ndi mphepo yagwedeza nthambi? Ndi nyani? Kapena njovu yomweyo imadzikhula pamtengo? Mlandu umagamulidwa ndi mmene zinthu zatsatizirana, ndipo wonena kuti zidatsatizana chotere ayenera kubwera ndi mboni.

Mwambi umenewu umandifikira nthawi zonse ndikamaganiza za phunziro limene ophunzira a sayansi amakumana nalo m'zaka zoyamba za ku yunivesite, kaya ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Manchester: organic chemistry, makamaka gawo la mekanizimu. Ku sekondale mwana adazolowera kulemba zinthu ziwiri kumanzere, muvi wowongoka pakati, zotsatira kumanja. Akaloweza zimenezo amakhoza mayeso. Akafika ku yunivesite, mphunzitsi amaloza muvi wowongoka uja n'kunena kuti nkhani yonse yabisala mmenemo. Ndi bondi iti idayamba kuduka? Ndi atomu iti idayandikira inzake, ndipo idadzera mbali iti? Zidachitika kamodzin'kamodzi, kapena panali popumira panjira? Ophunzira ambiri amaliwopa phunziroli asadalilowe n'komwe, chifukwa mbiri yake imawapeza akadali pakhomo. Ine ndimalikonda, ndipo ndimamva chisoni likamaphunzitsidwa ngati mulu wina wa zoloweza.

Zinthu zokhala ndi kaboni zimene anthu adazipeza kapena kuzipanga zilipo mamiliyoni ambirimbiri: shuga, mafuta ophikira, pulasitiki, utoto, mankhwala a malungo, fungo la nthochi yakupsa. Palibe mutu umene ungaloweze kuti ichi chikakumana ndi icho chimabala chiyani. Koma njira zimene maelekitironi amayendamo ndi zowerengeka. Wozidziwa amatha kulosera za chinthu chimene sadachionepo chibadwire.

Mu 1916 Gilbert Lewis wa ku Berkeley adafotokoza kuti bondi yomanga maatomu awiri ndi maelekitironi awiri amene maatomuwo akugawana. Ngati zili choncho, ndiye kuti chinthu chikamasanduka china, maelekitironi awiriawiri akusamuka. Mu 1922 William Kermack ndi Robert Robinson adalemba kusamukako ndi kamuvi kokhota, ndipo kamuvi kameneko ndi kamene ophunzira amajambula mpaka lero. Robinson yemweyu adatha zaka zambiri akufufuza kamangidwe ka strychnine, chiphe chochokera kumtengo wa ku India umene ndi mbale wake wa mtengo wathu wobala maye. Adakatulukira mu 1946, chaka chotsatira n'kulandira mphoto ya Nobel. Lamulo la muvi wokhota ndi limodzi lokha: umayambira pamene pali maelekitironi, n'kukathera pamene akusowa. Kaboni akamangana ndi bromine, bromine amakokera maelekitironi kwa iye, kaboni n'kutsala woperewera pang'ono. Pafupi pakadutsa hydroxide, amene ali ndi maelekitironi otsala, amalunjika pomwepo. Wopereka amatchedwa nucleophile, wolandira electrophile. Masabata oyamba, cholakwa cha pafupifupi aliyense n'kuyambitsa muvi pamalo osowa, ndipo mphunzitsi wabwino sakonza yekha pabolodi. Amangofunsa kuti, "Maelekitironi ali kuti?" Wophunzira amayang'ananso, n'kufufuta.

Komatu muvi wapapepala ndi chonena chabe. Maelekitironi palibe adawaona akulumpha. Tidadziwa bwanji kuti hydroxide amadzera mbali iyi osati iyo?

Nkhani yake imayambira ku Riga mu 1896. Kaboni akagwira zinthu zinayi zosiyana, molekyu yake imakhala ya mitundu iwiri, yakumanja ndi yakumanzere, yofanana m'zonse koma yosalowana. Chipangizo chotchedwa polarimeter chimasiyanitsa mitunduyi, pakuti wina umapotolera kuwala uku, wina uko. Paul Walden adatenga malic acid, asidi wopezeka m'maapozi, wamtundu umodzi. Adachotsa kachigawo kamodzi n'kuikapo chlorine, kenaka adachotsa chlorine uja n'kubwezerapo kachigawo koyamba. Adayembekezera kubwerera pamene adayambira. M'malo mwake adapeza malic acid wamtundu winawo. Penapake panjira molekyu idatembenuka. Aliyense amene adabwereza ntchitoyo adaona zomwezo, koma kwa zaka pafupifupi 40 padalibe wonena motsimikiza chimene chidaitembenuza.

Yankho lidachokera ku University College London, kwa Christopher Ingold ndi Edward Hughes. Iwo adati wobwera safika kutsogolo, kumene kuli wochoka, chifukwa kumeneko kwadzaza kale maelekitironi. Amadzera kumbuyo kwenikweni. Tayerekezani kuti mukuyang'ana kaboni uja pafupi. Kudzanja lamanja kuli bromine, ndipo zinthu zitatu zotsala zapendekera kumanzere. Wobwera akuyandikira kuchokera kumanzere komweko, pakati pa zitatuzo. Pamene bondi yatsopano ikuyamba kumangika, yakale ija ikufooka. Zitatu zija zikuwongoka, ndipo pali kamphindi pamene zaima chilili pakati, kaboni ali womangidwa theka uku theka uko. Kenaka bromine wapita ndi maelekitironi ake awiri, zitatu zija zagwera kumanja, monga ambulera imachitira mphepo ya mkuntho ikaiwomba kunsi. Zonsezi ndi sitepe imodzi yopanda popumira, ndipo adaitcha SN2.

Kufotokozaku n'kokoma, koma kukoma si umboni. Umboni udabwera mu 1935, ndipo ndimaona kuti wophunzira aliyense ayenera kuumva asadajambule SN2 ngakhale kamodzi. Hughes ndi anzake adatenga 2-iodooctane wamtundu umodzi, molekyu imene wochoka wake ndi iodide, n'kuithirira iodide wina wotulutsa cheza, amene makina amatha kumuwerenga. Apa wobwera ndi wochoka ndi amodzimodzi, choncho pamaso palibe chosintha. Iwo adayeza zinthu ziwiri: liwiro limene iodide wachezayo akulowera m'mamolekyu, ndi liwiro limene madziwo akutayira mphamvu yopotola kuwala. Talingalirani. Ngati wobwera amadzera mbali ina iliyonse mwachisawawa, theka la mamolekyu osinthidwa likhala lotembenuka, theka losatembenuka, ndipo maliwiro awiriwa afanana. Koma ngati kulowa kulikonse kumatembenuza, molekyu imodzi yotembenuka imafafaniza kupotola kwa inzake imene sidakhudzidwe, ndiye kuti pakulowa kumodzi patayika ziwiri. Atayeza adapeza kuti liwiro lachiwiri linali kawiri kuposa loyamba. Nambala 2 imeneyo ndiyo mboni imene nkhani ya Walden inkadikira.

Si zonse zimayenda chotero. Methyl bromide mukamuwonjezera hydroxide kawiri, liwiro nalo limawirikiza kawiri, kusonyeza kuti onse awiri ali pamalo pamene ntchito ikugwirika. Koma tert-butyl bromide, amene kaboni wake wazunguliridwa ndi magulu atatu akuluakulu otseka njira yakumbuyo, salabadira kuchuluka kwa hydroxide. Hughes ndi Ingold adati apa masitepe ndi awiri: bromide amayamba wachoka yekha, mochedwa, n'kusiya kaboni wa mabondi atatu wotchedwa carbocation, ndipo wobwera amangofikira pokonzakonza. Liwiro la ulendo wonse limalamulidwa ndi sitepe yochedwayo. Iyi ndiyo SN1. Ambiri adakayika, pakuti carbocation ameneyu amazimirira asadaoneke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Padatenga mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti George Olah, amene adathawa ku Hungary mu 1956 n'kukagwira ntchito ku Canada, amusunge m'maasidi aukali kwambiri okhala ndi antimony pentafluoride, mmene mudalibe chomulumphira, n'kumuyeza ndi makina a NMR. Adalandira mphoto ya Nobel mu 1994.

Pali nkhani ina imene mwambi wa dzaye umakwanirapo ndendende. Mu 1870 Vladimir Markovnikov wa ku Kazan adalemba lamulo loti asidi monga hydrogen bromide akamalowa pa bondi yowirikiza ya makaboni awiri, haidurojeni amapita kwa kaboni amene ali kale ndi mahaidurojeni ambiri. Lero timadziwa chifukwa chake: njira imeneyo imadzera kwa carbocation wokhazikika bwinopo. Koma panali zinthu zina, monga allyl bromide, zimene zinkachita mosadalirika. Labotale ina ipeza kuti lamulo latsatidwa, ina ipeza kuti laphwanyidwa, ndipo nthawi zina munthu mmodzi yemweyo ankapeza zosiyana masiku osiyana. Anthu adaloza chala kuwala kwa dzuwa, kutentha, madzi osungunulira. Mu 1933, ku yunivesite ya Chicago, Morris Kharasch ndi wophunzira wake Frank Mayo adapeza kuti wolakwa anali mpweya. Botolo likakhala nthawi litalowa mpweya, mumapangika tizinthu tochepa kwambiri totchedwa peroxide. Allyl bromide woyera, wotetezedwa kumpweya, amatsatira Markovnikov mosafulumira. Wokhala ndi peroxide amathamanga n'kubala zosiyana. Patapita zaka zochepa kudadziwika kuti peroxide amatsegula njira inanso, ya ma radical, mmene maelekitironi amayenda limodzilimodzi, ndipo radical mmodzi akagwira ntchito amabala mnzake, uyonso mnzake, mpaka botolo lonse. N'chifukwa chake kadontho kankakwanira. Dzaye ndi laling'ono poyerekeza ndi njovu, ndipo ofufuza akale ankayang'ana zinthu zazikulu zofanana ndi kukula kwa vutolo. Kharasch ndi Mayo adafunsa za botolo: lakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo lidatsekedwa motani.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi mmene phunziroli limayendetsedwera m'malo ambiri. Nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, ndiye mphunzitsi amajambula mivi pabolodi, ophunzira n'kukopera. Mwana uja amene ankaloweza zakumanzere ndi zakumanja tsopano akuloweza mivi. Wanena chatsitsa dzaye, inde, koma wanena mongobwereza zimene wauzidwa, ndipo mukamufunsa kuti wadziwa bwanji amangoti zili m'buku. Bwalo silingalandire mboni yotere. Kwa ine kuli bwino kuphunzitsa mamekanizimu ochepa, aliyense ndi umboni wake, kusiyana n'kudzaza kope ndi mivi yopanda mwini. Ndipo umboniwo sufuna masamu ozama. Taonani wa Irving Roberts ndi Harold Urey wa 1938. Asidi akakumana ndi alcohol pamapangika ester ndi madzi, koma kodi okosijeni wa m'madziwo wachokera kwa ndani? Pepala silinena. Iwo adatenga methanol wokhala ndi okosijeni wolemerako, oxygen-18, n'kumuphatikiza ndi benzoic acid. Okosijeni wolemerayo adakapezeka mu ester, osati m'madzi. Bondi yoduka idadziwika tsiku limenelo. Wophunzira wa chaka choyamba angamve zimenezi m'mphindi zochepa, ndipo akazimva amayamba kudzifunsa yekha kuti pa mekanizimu inayo akadayeza chiyani.

Ayeneranso kuuzidwa poyera kuti mekanizimu siitsimikizika mpaka kalekale. Imaima malinga ngati mboni zonse zikugwirizana nayo, ndipo mboni imodzi yatsopano ikhoza kuigwetsa. Ena amaona ngati kunena zimenezi kufooketsa ana. Ine ndimaona kuti n'kuwalemekeza, chifukwa ukuwauza kuti nawonso ali ndi malo pabwalopo. Ngakhale kamphindi kaja ka theka uku theka uko kadakhala kongoganiziridwa kwa zaka zambiri. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Ahmed Zewail, mwana wa ku Egypt wophunzira ku Alexandria amene ankagwira ntchito ku Caltech, adayamba kutsatira mabondi akuduka pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser kothwanima m'ma femtosecond, ndiye kuti sekondi imodzi yogawidwa magawo 1,000,000,000,000,000. Mphoto ya Nobel ya 1999 idapita kwa iye.

Imodzi mwa mamekanizimu oyambirira kufotokozedwa ndi umboni ili pafupi nafe kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1903 Arthur Lapworth, amene pambuyo pake adakaphunzitsa ku Manchester, ankafufuza mmene hydrogen cyanide amalowera pa bondi yowirikiza ya kaboni ndi okosijeni n'kupanga cyanohydrin. Adasankha camphorquinone chifukwa ndi wachikasu chowala, ndipo chikasucho chimazilala cyanide akalowa, kotero kuti maso okha ankakwanira kuyeza liwiro. Atasakaniza ziwirizi, padapita maola chikasu chisadathe. Atathiramo kadontho ka alkali, chidatha nthawi yomweyo. Atathiramo asidi, padapita masiku chili chomwecho. Lapworth adazindikira kuti woyamba kufika si hydrogen cyanide wathunthu koma cyanide wovulidwa haidurojeni, amene ali ndi maelekitironi opereka. Alkali amachulukitsa cyanide wotereyu, asidi amamubisa. Iye amalunjika pa kaboni, maelekitironi a bondi yowirikiza n'kukwera kwa okosijeni, ndipo pomaliza okosijeniyo amatola haidurojeni. Sitepe iliyonse ikhoza kuyendanso chobwerera.

Kubwerera kumeneko ndi kumene kumachitika m'chinangwa chowawa. M'maselo ake muli linamarin, amene ndi cyanohydrin womangiriridwa ku shuga, ndipo pambali, mosakhudzana, muli enzaimu yotchedwa linamarase. Chinangwa chikasendedwa n'kuviikidwa masiku angapo, monga amachitira amayi a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay pokonza ufa wa kondowole, chimafewa, maselo amasweka, ndipo ziwirizo zimakumana. Enzaimu imadula shuga, n'kutsala acetone cyanohydrin. Kenaka mivi ya Lapworth imayenda chafutambuyo: okosijeni ataya haidurojeni, maelekitironi atsika, cyanide achoka. Wina amasungunukira m'madzi oviikira aja, amene amatayidwa. Wina amauluka poyanika, pakuti hydrogen cyanide amawira pa madigiri 26 okha. Amayiwo adadziwa masiku oyenera kuviika ndi kuyanika kalekale mekanizimu isadalembedwe, ndipo adadziwa molondola. Chimene mekanizimu imawonjezera n'kuonetsa pamene ngozi ingabisale. Masitepe ndi awiri, ndipo loyamba likhoza kutha lachiwiri lisadathe. Powawasa, cyanohydrin amakana kusweka, monga chikasu chija chidakanira kuzilala mu asidi. Akatsala mu ufa, amakaswekera m'matumbo mwa wakudya, mmene simowawasa.

Mu 1981, chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, mbewu zina zidafa n'kutsala chinangwa chowawa. Chilala chimachulukitsa chiphe m'mizu, ndipo njala siidikira masiku oyanika. Anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, adapuwala miyendo mwadzidzidzi ndi matenda amene amadziwika kuti konzo, ndipo kupuwala kwake sikubwerera. Muyezo wa mabungwe a FAO ndi WHO umati ufa wa chinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu, koma ufa wokonzedwa mothamanga m'chaka cha chilala umapitirira pamenepo kutali.

Howard Bradbury, katswiri wa kemisitiri wa ku Australian National University, atapuma pantchito adadzipereka pa vuto limeneli, ndipo njira imene adapeza idachokera m'masitepe omwewo. Adaona kuti mu ufa woyanikidwa padzuwa enzaimu ija imakhala ikadalimo yamoyo, yangosowa madzi. Ndiye ufa uja umasakanizidwa ndi madzi, n'kuyalidwa mopyapyala, osapitirira sentimita imodzi, n'kusiyidwa maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa, kenaka n'kuphikidwa tsiku lomwelo. Madziwo ndi oti enzaimu ikumane ndi linamarin wotsala. Maolawo ndi oti masitepe onse awiri athe. Kupyapyalako n'koti mpweya wa cyanide upeze potulukira, chifukwa ukatsekeredwa m'mulu wokhuthala umakhala momwemo. Njirayi idayesedwa ku Mozambique, ndipo m'midzi ya ku Congo kumene amayi adaphunzitsidwa n'kumaitsata tsiku ndi tsiku, konzo idaleka kugwira anthu atsopano.